Momwe ntchito yolemba mbiri ya Elizabeth de Burgh, mwini wa Clare, ikuyendera

Kumayambiriro kwa Febuluwale

Ntchitoyi ikuyenera kutulutsa zinthu ziwiri: kabuku ka m'Chichewa kofotokoza moyo wa Elizabeth de Burgh kuyambira kubadwa kwake mu 1295 mpaka imfa yake mu 1360, ndi tchati chachikulu cha mibadwo chosonyeza ubale wake ndi mafumu a ku England. Ine ndikulemba nkhani, ndipo mnzanga wodziwa kujambula ndi amene akukonza tchaticho.

Mutu woyamba, wonena za makolo ake, watha. Elizabeth anabadwa pa 16 Seputembala 1295, ndipo anali chitsirizira mwa ana anayi a banja lachiwiri la Gilbert de Clare, Earl (udindo waukulu pakati pa eni malo) wa ku Gloucester ndi Hertford, mmodzi mwa eni malo olemera kwambiri m'dziko lonselo. Mayi ake anali Joan, mwana wa Mfumu Edward I ndi Mfumukazi Eleanor wa ku Castile, ndipo amadziwika kuti Joan wa ku Acre chifukwa anabadwira mumzinda umenewo mu 1272, makolo ake ali pa ulendo wa nkhondo yolimbirana Dziko Loyera. Bambo ake a Elizabeth anamwalira mu Disembala 1295 mwanayo asanakwanitse miyezi itatu. Mu 1297 Joan anakwatiwa mwachinsinsi ndi Ralph de Monthermer, munthu wopanda dzina lalikulu amene ankatumikira pabanja la malemu mwamuna wake, ndipo Edward I anapsa mtima mpaka kumutsekera mkamwiniyo ku Bristol, ngakhale kuti pambuyo pake anamukhululukira. Nkhani imeneyi ndaipatsa ndime yakeyake, chifukwa ikusonyeza kuti mwana wa mfumu ankatha kudzisankhira mwamuna ngati bambo ake omubereka ndiwo ali pampando, mwayi umene mwana wake Elizabeth sanaupeze. Joan anamwalira mu 1307 n'kuikidwa ku Clare, m'chigawo cha Suffolk, ndipo chaka chomwecho Edward I nayenso anatisiya. Motero Elizabeth anatsala wamasiye ali ndi zaka 11, tsogolo lake lili m'manja mwa malume ake, Mfumu Edward II.

Pakati pa Febuluwale

Tchati chakumana ndi vuto loyamba, lomwe ndi la mayina. M'banja limeneli muli akazi atatu otchedwa Elizabeth de Burgh, ndipo onse ali ndi ubale ndi mafumu. Woyamba ndi amene tikulemba mbiri yakeyu, amene anatenga dzinali atakwatiwa ndi John de Burgh, mwana wa Richard de Burgh, Earl wa ku Ulster ku Ireland. Wachiwiri ndi mlamu wake, mlongo wake wa John, amene anakwatiwa ndi Robert Bruce n'kukhala mfumukazi ya ku Scotland. Wachitatu ndi mdzukulu wake, amene adzatulukire m'mitu ya kutsogolo. Tagwirizana kuti aliyense akhale ndi mtundu wake wa inki patchatipo, ndipo m'kabuku dzina lakuti Elizabeth likalembedwa lokha lizitanthauza mwini nkhaniyi basi.

Ukwati woyamba unachitikira ku Waltham Abbey kumapeto kwa Seputembala 1308, mkwatibwi ali ndi zaka 13, ndipo masiku omwewo mlongo wake Gilbert anakwatira Maud de Burgh, kotero kuti mabanja awiriwa anasinthana ana. Elizabeth anapita ku Ireland mu 1309, anabereka William mu 1312, ndipo mu 1313 mwamuna wake anamwalira. Mutu umenewu ndi waufupi ndipo ndausiya choncho.

Malichi

Mwezi uno wathera pa zaka zitatu zokha, 1314 mpaka 1317, chifukwa m'menemo ndi mmene moyo wa mayiyu unatembenukira. Mu Juni 1314 mlongo wake Gilbert anaphedwa pa nkhondo ya ku Bannockburn, pomwe asilikali a Robert Bruce anagonjetsa a Edward II. Gilbert sanasiye mwana, ndipo mwa lamulo la ku England chuma cha munthu wotero chinkagawidwa mofanana pakati pa alongo ake. Chumacho chinali minda, malinga, matauni ndi makhoti ku England, Wales ndi Ireland, zomwe zinkabweretsa mapaundi oposa 6,000 pachaka. Alongo ake atatu, Eleanor, Margaret ndi Elizabeth, amene dzulo lake anali ongokwatitsidwa kuti amange ubale anasanduka eni chuma chimene aliyense wofuna mphamvu ankachiyang'anitsitsa.

Kugawako kunachedwa chifukwa Maud, mkazi wa malemuyo, ananena kuti ali ndi pakati, ndipo akuluakulu a mfumu anapitiriza kugwiritsa ntchito mawu amenewa mpaka mu 1316, patatha nthawi yoposa chaka ndi theka chimwalirire Gilbert. Pa nthawi yonseyo malowo ankayang'aniridwa ndi mfumu, ndipo mfumuyo inapeza mpata wokonza kuti magawowo agwere m'manja mwa anthu ake apamtima. Eleanor, mkulu wa onse, anali atakwatiwa kale ndi Hugh Despenser wamng'ono. Margaret anali wamasiye wa Piers Gaveston, bwenzi lapamtima la mfumu limene linaphedwa mu 1312. Elizabeth anaitanidwa kuchoka ku Ireland n'kuikidwa m'linga la ku Bristol.

Kumeneko, mu Febuluwale 1316, Theobald de Verdun anamutenga n'kumukwatira popanda chilolezo cha mfumu. Mbali ya mfumu inati anamuba, pamene Theobald anayankha kuti anali atapalana kale ubwenzi wa banja ku Ireland ndi kuti mayiyo anatuluka yekha m'lingamo kukakumana naye. M'kabuku ndalemba mawu a mbali zonse ziwiri motsatizana, aliyense ndi mwini wake. Banjali silinathe ngakhale miyezi isanu ndi umodzi, pakuti Theobald anamwalira mu Julayi chaka chomwecho, n'kumusiya Elizabeth ali woyembekezera. Iye anapita ku nyumba ya masisitere ya ku Amesbury, kumene mayi ake aang'ono, Mary, mwana wa Edward I, anali sisitere, ndipo anachira mwana wamkazi, Isabel, pa 21 Malichi 1317. Patangopita masabata owerengeka anakwatitsidwa kwa Roger Damory, msilikali amene mfumu inkamukonda kwambiri masiku amenewo, ndipo Margaret nayenso anaperekedwa kwa Hugh Audley. Pomwepo mpamene chuma chinagawidwa, mu Novembala 1317. Eleanor analandira Glamorgan, Margaret analandira dera la Newport ndi malo ena, ndipo Elizabeth anapatsidwa Clare pamodzi ndi malo ambiri a kum'mawa kwa England, kenako dera la Usk ku Wales linadzakhalanso lake.

Ndaika masiku amenewa moyandikana mwadala, tsiku lobereka ndi nyengo ya ukwati wachitatu, kuti wowerenga aone yekha changu chimene malumewo anali nacho.

Epulo

Mutu wachinayi ndi umene ndikuuona kuti ndi mtima wa kabuku konse, ndipo ndautalikitsa kuposa momwe tinakonzera poyamba.

Hugh Despenser sanakhutire ndi Glamorgan. Atakhala wokondedwa wamkulu wa Edward II anayamba kukokera kwa iye malo onse a kumwera kwa Wales, kuphatikizapo magawo a alamu ake. Mu 1321 eni malo a m'malire a Wales, Roger Damory ali pakati pawo, anaukira n'kuwononga malo a Despenser, koma chaka chotsatira mfumu inawagonjetsa. Damory anagwidwa ku Tutbury ndipo anamwalira kumeneko mu Malichi 1322, masiku owerengeka nkhondo ya ku Boroughbridge isanathetse kuukirako. Elizabeth anagwidwa ku Usk n'kutsekeredwa pamodzi ndi ana ake ku nyumba ya masisitere ya ku Barking. Anali ndi zaka 26, anali ataika amuna atatu m'manda, ndipo anali ndi ana atatu, aliyense wa bambo wake: William de Burgh, Isabel de Verdun ndi Elizabeth Damory, amene anabadwa mu 1318.

Ali m'manja mwa mfumu choncho anakakamizidwa kupereka Usk kwa Despenser posinthana ndi dera la Gower. Usk inkabweretsa mapaundi pafupifupi 770 pachaka pamene Gower inkabweretsa pafupifupi 300, ndipo ngakhale Gower yomweyo sanakhale nayo, chifukwa mu 1324 William de Braose, mwini wake wakale, anakasuma kukhoti n'kuilanda, kenako inagwera m'manja mwa banja la Despenser. Pa Khirisimasi ya 1322 mfumu inamuitanira ku York, ndipo kumeneko alangizi ake anachotsedwa pambali pake, iye n'kuuzidwa kuti adinde chidindo chake pa chikalata cholonjeza kuti sadzakwatiwa kapena kupereka malo ake kwa wina aliyense popanda chilolezo cha mfumu. Ananyamuka osadinda, koma uthenga unamupeza panjira womuopseza kuti akapanda kubwerera sadzakhalanso ndi malo ngakhale pang'ono, ndipo anabwerera n'kudinda. Aliyense amene anaonapo mayi wamasiye akulandidwa nyumba ndi minda ndi achibale maliro asanaiwalike aimva nkhaniyi msanga, kusiyana kwake n'kwakuti pano wolandayo anali mlamu, ndipo wom'thandiza anali malume amene analinso mwini makhoti onse a dziko.

Zonsezi tikuzidziwa chifukwa cha zimene Elizabeth anachita mu Meyi 1326. Ali kwawo ku Clare anasonkhanitsa mwachinsinsi alangizi ake ochepa okhulupirika, n'kulembetsa chikalata chofotokoza mwatsatanetsatane momwe anamulandira malo, kunena kuti zonse zimene anavomera anavomera chifukwa cha mantha, ndi kuti sakuzivomereza mumtima mwake. Nthawi imeneyo Despenser anali pachimake pa mphamvu zake, ndipo chikalatacho chikanadziwika chikanamuika mayiyu pa ngozi yaikulu. Chimene chimandigwira mtima ndi kuleza kwa nzeru zake. Analibe asilikali, ndipo kunalibe woweruza amene akanamumvera, koma ankadziwa kuti pangano lochitika mokakamiza lingathe kuthetsedwa tsiku lina ngati pali umboni wolembedwa pa nthawi yake, ndipo anakonzeratu umboniwo tsikulo lisanaoneke n'komwe.

Tsikulo silinachedwe. Mu Seputembala 1326 Mfumukazi Isabella, mkazi wa Edward II, ndi Roger Mortimer, mmodzi mwa eni malo oukira aja, anafika ku England ndi asilikali, Despenser ananyongedwa ku Hereford mu Novembala, Edward II anachotsedwa pampando mu Januwale 1327, ndipo chaka chomwecho Usk inabwezedwa kwa mwini wake.

Meyi

Tasintha kagawidwe ka mitu. Dongosolo loyamba linkatsata maukwati, mutu uliwonse ndi mwamuna wake, monga momwe tchati cha mibadwo chimachitira, koma maukwati onse atatu anatenga zaka zosakwana 14, kuyambira 1308 mpaka 1322, pamene umasiye wake womaliza unatenga zaka 38. Kabuku kotsata amunawo kangathere pamene moyo wa mayiyu monga mwini wake unayambira. Tsopano theka la masamba liperekedwa ku zaka za 1327 mpaka 1360. Elizabeth sanakwatiwenso, ndipo patapita nthawi anachita lumbiro la kutchalitchi lokhala wosakwatiwa mpaka imfa, zomwe zinatseka khomo kwa aliyense wofuna chuma chake kudzera m'banja.

Chumacho chinali chachikulu kuposa gawo limene analandira kwa mlongo wake, chifukwa lamulo linkapatsa mkazi wamasiye gawo la malo a malemu mwamuna wake kuti azidya moyo wake wonse, ndipo Elizabeth anali ndi malo otere ku Ireland kuchokera ku banja la de Burgh komanso ku England kuchokera ku banja la de Verdun. Momwe ankayendetsera zonsezi zikuoneka m'mipukutu ya zikopa ya ndalama za pakhomo pake, yolembedwa m'Chilatini, imene yambiri ikusungidwa ku National Archives ku Kew, mu London. Ndi ochepa mwa anthu a nthawi imeneyo amene anasiya zolemba za pakhomo zochuluka chotere.

Ndasankha kuonetsa tsiku limodzi la pakhomopo monga momwe mipukutu yotereyi imalembedwera, chifukwa wowerenga akaliona amvetsa kukula kwa ntchitoyo. Mlembi ankayamba ndi tsiku ndi malo amene mayi ali, kenako n'kutsata zigawo za nyumba chimodzichimodzi: buledi amene watuluka mosungira, mowa ndi vinyo amene wathiridwa, nyama kapena nsomba zimene zalowa kukhitchini, ndipo pomaliza udzu ndi chakudya cha akavalo. Lachisanu ndi nyengo ya Lenti nyama inkasowa pamndandanda, m'malo mwake n'kubwera nsomba zouma ndi zamchere zogulidwa zambiri nthawi imodzi. Tirigu ndi barele zambiri zinkachokera m'minda yake yomwe, pamene vinyo, zokometsera zakudya ndi nsalu zinkagulidwa kwa amalonda. Mndandanda wa 1343 wa anthu olandira zovala kuchokera kwa iye uli ndi mayina oposa 250, kuyambira asilikali a udindo ndi alembi mpaka antchito wamba, ndipo pakati pa amisiri amene ankawalemba ntchito panali osula golide. Nyumba yonseyi inkasamuka naye akamachoka ku Clare kupita ku Great Bardfield ku Essex, ku Anglesey pafupi ndi Cambridge, kapena ulendo wautali wa ku Usk. M'zaka za m'ma 1350 anamanga nyumba ina ku London, mkati mwa mpanda wa masisitere a chipani cha Clare Woyera kunja kwa chipata cha Aldgate, ndipo kumeneko ankalandira alendo a kubanja lachifumu, kuphatikizapo Edward, mwana woyamba wa Mfumu Edward III amene analowa m'malo mwa Edward II.

Ndikukhulupirira kuti mipukutuyi ikumuonetsa mayiyu bwino kuposa mayina a amuna ake. Munthu amene analandidwa Usk ndi zikalata anakhala moyo wake wonse wotsala akuonetsetsa kuti chilichonse cha pakhomo pake chalembedwa ndi kuwerengedwa.

Juni

Mutu wa ana unali wolemera kuulemba. William, mwana wake yekhayo wamwamuna, anakhala Earl wa ku Ulster agogo ake atamwalira mu 1326, ndipo anakwatira Maud wa ku Lancaster, amenenso anali wa magazi achifumu. Anakangana ndi wachibale wake Walter de Burgh, amene anafera m'ndende ya William ndi njala mu 1332, ndipo pobwezera William anaphedwa ndi anthu ake omwe pa 6 Juni 1333, ali ndi zaka 20. Mkazi wake anathawira ku England ndi khanda lalikazi, lomwe ndi Elizabeth wachitatu uja. Isabel de Verdun anakwatiwa ndi Henry de Ferrers wa ku Groby ndipo anamwalira mu 1349, chaka chimene mliri waukulu unasesa dziko. Amene anatsala mpaka mayi ake kumwalira ndi Elizabeth Damory yekha, mkazi wa John Bardolf.

Mnzanga wamaliza kujambula mzere wautali kwambiri patchati, umene ukutsika kuchokera kwa khanda lija. Elizabeth wa ku Ulster anakwatiwa ndi Lionel, mwana wa Edward III, amene mu 1362 anapatsidwa udindo wa Duke wa Clarence chifukwa cha malo a Clare. Mwana wawo yekhayo, Philippa, anabadwa mu 1355 agogo aakuluwo akadali moyo, ndipo anakwatiwa ndi Edmund Mortimer, Earl wa ku March. Kuchokera kwa Philippa mzere ukupita kwa mwana wake, Roger Mortimer wina, kwa Anne Mortimer, kwa Richard wa ku York, mpaka kwa Edward IV, amene anakhala mfumu mu 1461. Banja la York linkati ufumu ndi wawo chifukwa cha mzere umenewu wodutsa mwa Philippa ndi Anne, ndipo malo a Clare anatsata njira yomweyo mpaka kulowa m'manja mwa mfumu. Tapempha wosindikiza kuti pepala la tchati likhale lopindika katatu, chifukwa mzerewu sukukwana pa tsamba limodzi popanda kuchepetsa zilembo.

Julayi

Mutu womaliza walembedwa koyamba ndipo ukudikira kuwerengedwanso. Ukuyamba ndi Cambridge. Mu 1326 Richard de Badew, mkulu wa yunivesiteyo, anakhazikitsa nyumba ya ophunzira yotchedwa University Hall, koma inalibe chuma chokwanira. Elizabeth anayamba kuithandiza mu 1336 poipatsa ulamuliro pa tchalitchi cha ku Litlington kuti izipeza ndalama kuchokera kumeneko, ndipo kuyambira 1338 nyumbayo inakhala pansi pa iye n'kutchedwa Clare Hall. Pambuyo pake anawonjezera matchalitchi a ku Great Gransden ndi Duxford. Mu 1359, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire, anaipatsa malamulo ake, ndipo mawu oyamba a malamulowo akutchula za kuchepa kwa anthu ophunzira chifukwa cha mliri. Malamulowo anakonza malo a akatswiri a maphunziro okwana 20 ndi anyamata osauka 10 oti azidya ndi kuphunzira pa chuma cha nyumbayo. Ndime ya anyamata osaukawa ndaiika poonekera, chifukwa ikusonyeza kuti ankaganizira za amene adzalowe m'malo mwa ophunzira amene mliri unawatenga. Nyumbayi ndiyo Clare College ya lero, dzina limene inatenga mu 1856, ndipo ndi yachiwiri kwa kale mwa makoleji a ku Cambridge amene alipobe. Chizindikiro chake chili ndi mizere ya banja la de Clare ndi mtanda wa banja la de Burgh, zozunguliridwa ndi mkombero wakuda wokhala ndi madontho agolide, ndipo tagwirizana kuti chimenechi chikhale pachikuto.

Mayiyu sanali munthu wongopereka kumene ena amulozera. Mu 1347 anakhazikitsa nyumba ya abulazala a chipani cha Francis Woyera ku Walsingham, malo otchuka a maulendo achipembedzo, ngakhale kuti ansembe a nyumba yakale ya kumeneko anamulembera dandaulo kuti alendowo adzawaphwanyira zopereka. Chaka chomwecho bwenzi lake lapamtima, Marie de St Pol, mkazi wamasiye wa Earl wa ku Pembroke, anakhazikitsa koleji yake ku Cambridge, ndipo ubwenzi wa amayi awiriwa ndaupatsa ndime imodzi.

Wilo yake inalembedwa m'Chifalansa mu 1355. Ku Clare Hall anasiyako mabuku, zovala za paguwa ndi ziwiya zasiliva, kwa mwana wake Elizabeth Bardolf anasiya bedi ndi ngolo yake yaikulu yoyendera, ndipo gawo lalitali ndi la antchito ake, otchulidwa mayina mmodzimmodzi ndi chimene aliyense alandire. Anamwalira pa 4 Novembala 1360 ali ndi zaka 65, ndipo anaikidwa kwa masisitere a ku Aldgate aja monga anafunira.

Zotsala ndi zitatu. Mapu osonyeza Clare, Usk, Gower, Ulster ndi Cambridge akuyenera kujambulidwa mwezi wamawa kuti wowerenga aone kutalikirana kwa malo amene mayi mmodzi ankawayang'anira. Mutu wachinayi upita kwa mphunzitsi wa mbiri kuti aone ngati ndondomeko ya zochitika za 1321 mpaka 1327 ikumveka kwa wophunzira wa sekondale. Tchati chikabwera kuchokera kosindikiza koyesera, tidzayerekeza chaka chilichonse cholembedwapo ndi chimene chili m'kabuku tisanalole kuti zisindikizidwe zonse.